Misewu ya Kwawo kwa Mayi Haruyo

Thamesmead, London
14 Novembala 2024

Okondedwa achemwali a Ellen,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine m'thupi ndilibe vuto. Nkhani iyi yandikanika kuinena pafoni, n'chifukwa chake ndalemba.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli Mayi Haruyo, a ku Japan, a zaka 88. Anayamba kuiwalaiwala. Dzina la mwana wawo silibweranso, koma mzinda wa kwawo amaudziwa wonse. Akuti pakati pake pali nyumba ya mfumu yakale, yosanjikizana, yozingidwa ndi mpanda wamiyala ndi ngalande yaikulu ya madzi. Asilikali a malupanga ankakhala pafupi ndi mfumu, amisiri kunja, aliyense msewu wake, osula zitsulo uku, onyika nsalu uko. Misewuyo anaikhotetsa dala kuti adani azisochera, ina imangothera pakhoma. Mayi Haruyo amaseka kuti ngakhale anthu akumeneko sayankha funso molunjika.

Masana ndimaloledwa kukawayendetsa panja. Lamulo ndi lakuti podina manambala otsegulira chitseko tizitchinga ndi thupi. Achemwali, kufulatira munthu wamkulu chotero ngati ndikumubisira chakudya, ine kunandilaka. Ndinkaima chambali, iwo akuona.

Tikatuluka amatsogola ndi iwo, kumanja, kumanzere, kumanjanso, akutchula misewu ya kwawo. Tsiku lililonse tinkapitirirako pang'ono. Lolemba tinakafika pamtsinje wa Thames, madzi atadzaza. Anati ngalande ija ndi imeneyi, ndipo mlongo wawo anagweramo ali mwana, sanapezeke. Anavula nsapato n'kuziika pamodzi bwinobwino, kenaka anagwira chitsulo chotchinga m'mphepete mwa mtsinjewo, akufuna kudumphira m'madzi. Ndinawakoka dzanja. Sanakwiye. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Akundidikira. Ndidzabwera ndekha."

Dzulo ndinawapeza pachitseko, manambala atatu oyamba atadina molondola. Yachinayi ndi imene inawasokoneza.

Zonsezi sindinalembe m'buku la ntchito. Abwana athu, a Carol, akamva asintha manambala, koma afunsanso kuti anawaonetsa ndani, komanso chifukwa chimene ndakhalira chete kuyambira Lolemba. Viza yanga yagona pa ntchito imeneyi. Mnzathu wina anachotsedwa pa nkhani yocheperapo, pano ali kwawo ku Ntcheu. Ndapemphera, ndasala kudya, koma yankho silikusintha. Loweruka ndi Lamulungu sindidzakhalapo, ndipo amene adzakhalepo sakudziwa kanthu. Mawa m'mawa, ndisanavule ndi jekete lomwe, ndikagogoda pa ofesi ya a Carol.

Amayi musawauze kaye, mukudziwa za mtima wawo. Mundiperekere moni kwa alamu a Fidelis ndi ana onse. Muwauze anawo kuti zovala za Khirisimasi ndagula kale, koma asadikire za papositi. Mwina ndibwera nazo ndekha.

Mundikumbukire m'mapemphero.

Ine mng'ono wanu,
Mwayiwathu