Kulira kwa Mabuleki a Prabin

Lolemba, 11 Sepitembala

Nkhungu yadzaza tauni yathu yonse ya Darjeeling, nyumba zikungoyandama. Potsetsereka kupita kusukulu ndaponda buleki, galimoto yalira tswiii ngati masiku onse, koma yaima mochedwa, itatsala pang'ono kupsompsona khoma. Nirjala mwana wanga wagwira lamba ndi manja awiri. Ine mtima sunakhazikike mpaka masana.

Galimoto ndi ya malemu Prabin, mwamuna wanga. Chimwalirireni iye sindinasinthe kanthu, ngakhale kaduwa kouma ka pagalasi.

Lachiwiri, 12 Sepitembala

Ku galaja kwa a Tshering, mnzake wa malemu. Achotsa tayala, apukusa mutu. "Alamu, mapadi a mabuleki anatha kalekale, chitsulo chikudya chinzake. Disiki imene mapadiwo amagwira yakumbika ngati msewu wa m'dzinja. Inu mukuyendera mapemphero basi."

Andiyalira zatsopano pa benchi. Mapadi olimba a anyamata othamanga, ogwira akatentha, olira kukazizira. Ena ofewa a m'tauni, ogwira pomwepo, osalira n'komwe. Madisiki obowolabowola ndi ena osalala. "Obowolawa ndi a matama. Inu maulendo anu ndi kusukulu ndi kumsika, tengani osalala."

Ndafunsa kuti olirawo amalira bwanji. Andiyang'ana nthawi yaitali. Ndati ndibweranso.

Lachitatu, 13 Sepitembala

Sindinapite. Kusukulu tayenda wapansi.

Kulira kuja ndi kumene tinkadziwira kuti Prabin wafika. Ankati akakhota pa kona ya pamwamba, tswiii, apongozi anga n'kutereka ketulo. Maso awo saonanso, koma khutu ndi lakuthwa. Mpaka pano ndikakhota amatereka, ndipo ndikalowa nkhope yawo imawala kamphindi asanakumbuke kuti ndine. Inenso chimodzimodzi. Ndikaponda buleki ndimamva ngati wakhala pambali panga, akununkha fodya ndi mvula. Ndikuopa kuchotsa mawu amenewa pakhomo pano.

Masana ndinaodzera. Ndalota galimoto ikutsika m'minda ya tiyi, pamwamba pa mitambo, ikuimba yokha popanda woyendetsa.

Lachinayi, 14 Sepitembala

Ndawauza a Tshering kuti ndikufuna olirawo. Aika sipanala pansi. "Alamu, amenewo m'mawa wa kuno amaterera ngati sopo mpaka atenthe. Mtsetse wanu ukuyambira pakhomo penipeni, atentha nthawi yanji? Ngati mukufuna nyimbo gulani wailesi."

Ndaseka, kenako misozi yokha. Ndakumbuka timanja ta Nirjala pa lamba paja. Ndati ikani ofewawo, ndi madisiki osalala.

Atamaliza andilangiza kuti masiku oyamba ndiziponda mofatsa, padi ndi disiki zizolowerane. Kenako akweza chala. "Lamulungu likubwerali ndi tsiku la mwambo wodalitsa zitsulo. Apongozi anu aja ndimawadziwa, chaka ndi chaka amapaka mafuta a mpiru paliponse pamene dzanja lafika. Dontho limodzi pa disiki, mabuleki apita."

Lachisanu, 15 Sepitembala

Galimoto ikuima pamene ndafuna. Ndafika pakhomo mwakachetechete ngati mphaka, ketulo ili yozizira. Apongozi adzidzimuka nditawagwira phewa. Chakudya angochilawa.

Loweruka, 16 Sepitembala

Mvula tsiku lonse. Apongozi akhala pawindo, khutu kumsewu. Sindinapite kulikonse, koma akudikirabe.

Lamulungu, 17 Sepitembala

Msewu wonse maluwa okhaokha, galimoto iliyonse yavala nkhata, ngakhale makina osokera a oyandikana nawo apakidwa ufa wofiira. Utsi wa lubani ukusakanikirana ndi nkhungu, sungadziwe kuti uti ndi uti.

Nirjala watsogolera agogo ake, iwo ali ndi kambale ka mafuta. Apaka kutsogolo, apaka chitseko, kenako agwada pa tayala, chala chikuloza kale pa chitsulo chatsopano. Ndawagwira dzanja. Chikwatiwireni pano sindinawagwirepo choncho.

"Amayi, apo ayi. Mafuta akafika apo galimoto siima."

Apukuta chala pa shawelo yawo, n'kusisita disiki ndi dzanja louma, mozungulira, pang'onopang'ono. "Yasalala. Make Nirjala, mawu a mwana wanga mwawachotsa eti?"

Ndati inde. Ndawauza za khoma la Lolemba lija, zonse, osabisa. Afunafuna mutu wa Nirjala n'kuupeza, augwira nthawi yaitali.

"Nditsegulireni," atero. Akhala pa mpando wa Prabin, apapasa chiwongolero mpaka apeza pakati. Aviika chala m'mafuta, apaka pa hutala, kenako ufa wofiira. Adina mwangozi, yalira mokweza, nkhunda zonse padenga balala. Nirjala wagwa nako kuseka. Iwo osaseka, angoti, "Iyi ilibe manyazi."

Lolemba, 18 Sepitembala

Pobwera kusukulu ndakhota pa kona ya pamwamba, zii. Ndatsika bwinobwino mpaka pageti, ndazimitsa injini, ndangokhala. Pambali panga panalibe munthu. Nkhungu imalowa pawindo, kadontho kofiira kali pakati pa chiwongolero.

"Amayi, dinani," watero Nirjala ali pa mpando wa kumbuyo.

Ndadina kawiri. M'nyumba mwamveka ketulo ikukhala pamoto, kenako mawu a apongozi akudutsa pawindo la kukhitchini: "Make Nirjala wafika."