Pepala la Akamwini Likuduka

Lolemba, 3 Marichi

Mvula ngati dzulo. Akamwini, bambo a Tiyezge, abwera nkhope ili gwa. Ine msangamsanga kuchipinda, mwa mwambo wake. Kanyumba ka ku Finglas, kudziko la eni kuno, ngati bokosi la machesi, kupewana n'kovuta. Mwana wanga Norah akuti kuntchito kwawo kufakitale ya mapepala achotsa chimota chakale chimene chinkakoka makina onse ndi malamba. Tsopano chigawo chilichonse mota yakeyake, kapitawo ndi kompyuta. Anakonza ndi amuna akewo. Koma pepala likungoduka.

Lachinayi, 6 Marichi

Laduka kanayi. Kompyuta akuti ikuti zonse zili bwino. Malemu amuna anganso ankatero. Mabwana apereka mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Likadukanso ntchito yatha, pemiti yokhalira kuno yapitira pomwepo.

Lamulungu, 9 Marichi

Ku Misa maganizo onse pa chigayo. Zaka naintini ndinachiyendetsa pa Lunzu. Mota yatsopano pa chigayo chakale imaulula matenda obisika. Umatenga sikuludiraiva, nsonga pa beringi, chogwirira kukhutu. Yodwala imalira ngati yadya mchenga. Ndatuma Norah akawauze amuna ake. Iye: "Amayi, munthu ali ndi masters." Kaya masters imabwera ndi makutu.

Lachitatu, 12 Marichi

Norah sananene. Ndaonera katsukidwe kake ka mbale. Ndinafika pakhomo la khitchini, akamwini ali mkati. Chikwatirire mwana wanga sindinawalankhulepo maso ndi maso. Ndinabwerera. Tiyezge dzino loyamba, malovu thewera lonse.

Lachisanu, 14 Marichi

Kiyi pachitseko 2 koloko masana. Si nthawi yake. Norah kuntchito, ine m'khitchini mwana kumsana, kothawira kulibe. Akamwini alowa, jekete osavula, akhala pampando. Auza Tiyezge kuti laduka patatha maola atatu, awonjezeredwa mpaka Lolemba, komaliza.

Ndinatembenukira firiji. Ndinaiuza za chigayo, zonse, mokweza. 

Kenako nawonso afunsa firiji yomweyo: "Nanga maberingi ali oposa handiredi, munthu ayambire pati?"

Chigayo changa chinali ndi awiri okha. Izo firiji sindinaiuze. Ndati ayambire pamene pepala likudukira.

Atsegula dirowa, atenga sikuludiraiva ija timatsegulira zitini za penti. Apita osamwa tiyi.