Pa Imfa ya Mayi Nasilele Kufekisa, ndi Pempho Lokhudza Atsikana Atatu Okhala ku Libuyu

Kwa a Mukumbuta Kufekisa, mkulu wa banja, kwa abale onse, ndi kwa anthu a mu Livingstone:

Ife a Yunivesite ya Namatama tadzidzimuka ndipo tagwidwa ndi chisoni chachikulu pomva za imfa ya Mayi Nasilele Kufekisa, mkulu wa Ofesi ya Ophunzira Ochokera Kunja, amene atisiya Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025. Sabata yatha yomweyi anali pa ntchito monga mwa nthawi zonse, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti matenda awo afika pamenepa.

Malemuwa anayamba ntchito pano mu 2011, ndipo mu 2014 anatsegula ofesiyi m'kachipinda ka mipando iwiri. Ndi iwo anakhazikitsa lamulo loti wophunzira wachilendo azichingamiridwa pa malire, kaya pa mlatho wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya kaya ku Kazungula, komanso kuti asapite yekha kukakonzetsa chilolezo chokhalira m'dziko muno. Sabata yoyamba ankawaphunzitsa moni wa Chitonga ndi wa Chilozi, kuti pamsika asaoneke amwano. Ana athu opita kukaphunzira kunja ankawaperekeza mpaka pa basi, ndipo makolo otsala ankawaimbira foni mwezi ndi mwezi. Malire atatsekedwa mu 2020 chifukwa cha mliri, anayenda khomo ndi khomo kupempha mabanja kuti asunge ophunzira amene analephera kubwerera kwawo. Tikawauza kuti ntchitoyo yapitirira udindo wawo, ankangoyankha kuti, "Mwana wa muntu sagona pa station."

Pali nkhani imene sitingaibise ngakhale m'masiku ano a misozi. Chaka chino zipinda zogona za atsikana zinatichepera, ndipo kulephera kumeneku ndi kwathu. Mu Febuluwale malemuwa anatenga ophunzira atatu, awiri a ku Congo ndi mmodzi wa ku Angola, n'kukawasunga m'nyumba yawo ku Libuyu, muno mu Livingstone. Pangano lolembedwa panalibe. Panali mawu awo okha. Chiyambire maliro, atsikanawa apereka chipinda chawo kwa azakhali ochokera ku Mongu, ndipo akutunga madzi ndi kuphika pamodzi ndi amayi ena.

Dzulo mmodzi wa iwo, Kabedi wa ku Lubumbashi, ananditengera pambali kuseri kwa tenti nati, "Ba Munsaka, ise sitifuna kuvuta ba family. Manje maliro yakasila, tizayenda kuti? Kulibe wina tiziba mu town muno." Funso lakeli, la kumene adzapite maliro akatha, ndi limene ndikubweretsa kwa inu.

Tamva kuti maliro adzaikidwa Lachisanu pa 17 Okutobala, ndipo Loweruka banja lidzakhala pansi kukambirana za nyumba ndi katundu, monga mwa mwambo. Mayeso a atsikanawa ayamba pa 3 Novembala ndi kutha pa 21 Novembala. Tafunsa m'mabanja amene anatithandiza kale, koma mpaka lero malo sanapezeke, ndipo wophunzira wobwerera kwawo asanalembe mayeso amataya chaka chonse. Nyumbayo ndi yanu, ndipo yunivesite ilibe mawu pa iyo. Tikungopempha modzichepetsa kuti, ngati n'kotheka, chipinda chimodzi chisatsekedwe, atsikanawa akhalemo kufikira mayeso atatha. Chakudya ndi zina zonse zofunika pa iwo tidzasamala ndife.

M'malo mwa akuluakulu a yunivesite, aphunzitsi, ogwira ntchito ndi ophunzira onse, amene ali kuno ndi amene ali kunja, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu nonse. Mulungu akulimbitseni mitima, ndipo mzimu wa malemuwa uuse mumtendere.

Loweruka m'mawa ndidzakhala panja pa geti la nyumbayo. Mukandiitana ndidzalowa, mukapanda kundiitana, ndidzadikira pomwepo, kuti chimene mwagwirizana atsikanawa akachimve kwa ine.

Dr Rodwell Munsaka
Mkulu wa Yunivesite ya Namatama
Livingstone, 16 Okutobala 2025