Banga la ndimu pamwala woyera

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Mzuzu kwazizira, nkhungu ikumakuta dera lathu lonse la Geisha mpaka dzuwa litakwera.

Ndakhala ndikukumbukira tchuthi china ndili kusekondale, nditabwera kwathu ku Dedza. Ndinakupezani mutawerama kuseri kwa nyumba, mukukwecha mapoto ndi ndimu ndi phulusa. Mutaweramuka munagwira msana n'kunena kuti, "Iwe Lonjezo, ukadzaphunzira udzandimangire khitchini yophika choimirira." Ndinaseka, inu n'kundiponyera chigamphu cha ndimu ndi mawu anu aja, akuti ndimu amachotsa chilichonse kupatula ulesi.

Khitchini ija ndamanga, amayi, ngakhale mochedwa. Koma ndiyambe ndi nkhani zina. Ndinachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, dzina lake Tamanda. Watenga chipumi chanu. Achimwene akuti kachewere kumudzi wachita bwino, koma nyemba zinaola ndi mvula. Mng'ono wanu, amayi aang'ono, anabwera kudzandithandiza kulera, ndipo nkhani yanga ikukhudza iwowo.

Pamwamba pa makabati a m'khitchinimo ndinayalapo mwala wa mabulo, woyera wa mizere yotuwa. Ndinapita kangapo kwa abambo ena ogulitsa miyala ku Luwinga, kumangoyang'ana osasankha, monga mundidziwira. Iwo ankandikakamiza mwala wakuda wa giranaiti, wopirira nkhanza. "Mama, woyerawu ngokongola chomene, koma ngwamanyazi," anatero. "Ndimu, viniga, ngakhale madzi a tomato akakhalitsa, umapsa. Muzingopukuta ndi kansalu kofewa ndi sopo pang'ono. Waya wa mapoto yayi." Ndinatengabe woyerawo. Ndinkafuna, kamodzi kokha, kusankha chinthu chifukwa choti ndachikonda.

Malangizowo sindinawafikitse kwa amayi aang'ono. Ndikanayambira pati kuphunzitsa munthu amene anandisambitsa ndili khanda kapukutidwe ka tebulo?

Loweruka lina bambo a Tamanda anabwera ndi nsomba za batala kuchokera ku Nkhata Bay. Amayi aang'ono anazitumbulira pamwalapo, ndipo pofuna kuchotsa fungo anachita zomwe inu mukanachita: anadula ndimu n'kukwecha ndi mtima wonse. Patauma panatsala banga lalikulu ngati mbale, lozimirira, losawala. Sindinakalipe, amayi. Ndinangoima n'kumalisisita ndi chala. Mwina kukalipa kukanakhala bwino. Kuyambira tsikulo amayi aang'ono anasiya kulowa m'khitchini. Ankaphikira pambaula pakhonde, m'chisanu chonsechi, atawerama ngati inu kale. Ndikawaitana ankati, "Ayi mwanawanga, zachizunguzo ndingakuwonongerenso." Kenako anayamba kunena zobwerera kumudzi, kuti kuno sakuyenerako.

Ndinachita mantha. Mwa onse amene munatisiyira, ndi iwo okha amene amaseka ngati inu.

Abambo a miyala aja anabwera kudzaona. Anati bangalo ndi lapamwamba chabe, akhoza kulipala ndi makina n'kupaka mankhwala otseka timabowo ta mwala, omwe akuti ndizipaka chaka ndi chaka. Ndinawauza kuti mankhwalawo apake, koma bangalo alisiye. Anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda, n'kungoti, "Yewo, mama."

Atachoka ndinawagwira dzanja amayi aang'ono n'kulowa nawo. Ndinawauza kuti wolakwa ndine amene ndinawabisira malangizo aja, ndiponso kuti mukanakhala inu, bangalo likanakula kuposa pamenepo. Anaseka mpaka kugwirira kabati. "Achemwali akanawonjezeranso phulusa!" Ndinawaonetsa thabwa lodulirapo zinthu ndi kamphasa koikapo poto wotentha. Kenako tinakanda ufa wa mandazi pamwalapo, poti ndi wozizira ndipo ufa sumata. Anakanda ataimirira, msana uli wowongoka, ndipo anangoti, "Komatu apa m'pabwino, iwe."

Sindikudziwabe ngati ndinasankha mwanzeru. Mwalawu udzachita mabanga ena, Tamanda akadzayamba kufikira pamwamba. Koma m'mawa ndikamaupukuta, ndikafika pabangalo ndimamva ngati nanunso munaphikamo m'khitchini muno.

Amayi aang'ono akunyamuka lero kukakolola chimanga chawo. Nsalu zawo zakutchalitchi azisiya m'chipinda, ndipo akuti Tamanda asayerekeze kumera dzino iwo asanabwere. Akuti akafikanso pomwe munagonapo kukalambula. Panopa aima pakhomo, chikwama chili chotsegula, akundikalipira kuti ndiwaphonyetsa basi. Ndiye ndalekera pomwepa kuti ndipinde mapepalawa ndiwapatse.

Tamanda akayamba kuyenda ndidzabwera naye mudzamuone. Pitirizani kuusa, amayi, msana wanu upume.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lonjezo