Kachilombo ka pa chishango

Lolemba, 5 Juni 2006
Kwabwera a Anock, akatekisiti a kutchalitchi chakuseri kwa msika wa Kawale. Akufuna ndipete nsalu yaikulu yolandirira bishopu wa kunja, wa dayosizi imene inawakumbira mjigo. Pakati pakhale chizindikiro cha dayosizi yake. Ndati ine ndi Msilamutu. Akuti, "Mayi Khadijah, singano ilibe mpingo." Asiya fotokope ya chizindikirocho, mitundu alemba ndi bolopeni m'mbali. Akuti ndisachotse kapena kuwonjezera kanthu, kalikonse pamenepo kali ndi tanthauzo.

Lachitatu, 7 Juni
Chipewa chobiriwira chopanda mutu, chingoyandama. Mphonje sikisi uku, sikisi uko: akuti ndiye udindo wa bishopu. Mtanda kumbuyo. Pa chishango kiyi, nyenyezi, mafunde. Pakona yakumunsi pali kachilombo, mtundu wake sanalembe. Amuna anga a Sharif ayang'ana, akuti ndi mphemvu. Ndawakalipira. Azungu angaike mphemvu pa zinthu za Mulungu?

Lachisanu, 9 Juni
Ndakapeta ndi ulusi wabulauni. Miyendo isanu, ndawerenga katatu. Kakongola kuposa kiyi.

Lolemba, 12 Juni
A Anock adzaona ntchito. Ndafunsa za kachilomboko. Avula magalasi, avalanso. Kenako: "Dzombe! Chakudya cha Yohane m'chipululu." Nanga miyendo isanu? "Mabala asanu a Ambuye." Atuluka akuthamanga, njinga aiwala pakhomo.

Lachitatu, 14 Juni
Kwaya yapeka nyimbo ya dzombe la miyendo isanu. Ikumveka mpaka kuno. Ndadzipeza ndikuiimba pochapa.

Lachinayi, 15 Juni
Ndinapita kwa Greyson wa fotokope pamsika ndi kalata ya lendi. Pepala litatuluka, pakona yakumunsi, dzombe la Yohane. Pa kalata yanga ya lendi!

Ndati tsegula makinawo. Kamphemvu kali pansi pa galasi, kouma gwa, mwendo umodzi unagwera cha uko. Greyson akuti kanalowa Janyuwale, sikulufulaiva yotsegulira anabwereka munthu. "Aliyense amadziwa, mayi. Masatifiketi onse a Kawale ali nako."

Kunyumba sindinadye. A Sharif aseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Lachisanu, 16 Juni
Ndapita ndekha kwa a Anock, kalata ya lendi m'manja. Ayang'ana nthawi yaitali. Ndati ndikhoza kusula ulusi wa kachilomboko lero lomwe, mphindi makumi awiri basi. Akuti ana a tilitonse asoketsa kale mapiko a makatoni. Amayi aloweza mavesi anayi a nyimbo ija. A Anock eni ake alalikira za dzombeli m'miphakati itatu, agogo ena analira.

"Mukasula, ine ndisamuka m'Kawale muno."
"Ndikapanda kusula, bishopu akaona mphemvu, ndani adzandipatsenso nsalu?"

Akazi awo atipatsa mbatata. Pomaliza a Anock akuti mwina bishopuyo ndi wokalamba, maso ndi ofooka. Tipemphere, aliyense kwake.

Loweruka, 17 Juni
Lumo ndinaligwira kawiri. Ndasita nsalu, ndapinda.

Lamulungu, 18 Juni
Sindinafune kupita koma Mayi Sophie a bungwe la amayi anadzanditenga, akuti wopeta aonekere. Ndinaima kumbuyo pabwalo la tchalitchi, mpango wanga ndakokera mpaka pa nsidze.

Bishopu si wokalamba. Maso ngati a kabawi.

Watsika galimoto, ana a mapiko akudumphadumpha, kwaya ili pa vesi yachiwiri. Waima pa nsalu. Waloza chipewa, wamwetulira. Kiyi, wagwedeza mutu. Chala chatsika pakona, chaima. Wafunsa m'Chingerezi. Bambo mfumu a parishi atembenuka: "Akufunsa kuti ichi n'chiyani."

A Anock pakamwa pangoti yasa. Kenako andiloza ine! Anthu apatuka, Mayi Sophie andikankha kumsana.

Ndinati bodza sindinena pamaso pa anthu onsewa. "Ndi mphemvu, bambo. Inafera mu fotokope ya Greyson."

Ndinalankhula motsitsa, anamva ndi bambo mfumu okha. Anandiyang'ana. Anayang'ana ana a mapiko aja. Kenako ayamba kumasulira. Amasulira, amasulira, manja m'mwamba, manja pamtima, mwina mphindi zitatu. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 7 koma dzina la mphemvu ndimalidziwa, ndipo silinatuluke. Ndinamvamo "Malawi" kawiri ndi "Muslim" kamodzi.

Bishopu watulutsa kampango, wapukuta m'maso. Wagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri. Nthungululu bwalo lonse.

Nsalu aipinda, akuti ikwera naye ndege, ikapachikidwa kwawo.

Pobalalika ndinawapeza bambo mfumu kuseri, akumwa madzi. Ndati munawauza chiyani? Apukuta thukuta pakhosi.

"Mayi, musandifunse. Nanenso mawa ndikalapa."