Mikono Yokhayokha

Lolemba, 6 Meyi 1996

A Ezron, kapitawo wa ku depoti ya mtedza, adzasankha onyamula matumba kumayambiriro kwa Juni. Safunsa dzina, safunsa sukulu. Vula shati, aone mikono, basi. Chaka chatha anandilumpha ngati chithaphwi. Chaka chino ayi. Mkazi wanga Jemima ndi woyembekezera, chimanga m'nkhokwe chatsala pansi penipeni.

Zitsulo zathu zolimbitsira thupi, ine ndi anyamata anzanga, zili kuseri kwa chigayo cha a Haswell: ekiselo ya galimoto yakufa, zitini za penti zothiramo simenti. Ine ndayamba mikono yokhayokha. Chitini kudzanja, kupinda chigongono, kutsitsa, kupindanso.

Lachinayi, 9 Meyi

Mkangano ndi a Haswell. Akuti zopinda mikonozi n'zosafunika. Ukamazula ekiselo pansi n'kuikankhira m'mwamba, mikono imakula yokha. "Thumba sanyamula na manja iwe Amock, ni musana na mendo." Nzeru za kumigodi zimenezo, za anthu opuma ntchito. A Ezron anayang'anapo msana wa ndani? Ndawayankha choncho, mwina mokweza kwambiri. Anangopukusa mutu n'kubwerera kukagaya.

Lachitatu, 15 Meyi

Shati yayamba kuthina m'mikono. Mnzanga Bwezani akuchita nsanje poyera, ine mtima mbee.

Koma m'chigongono chamanja muli kanthu. Si ululu weniweni. Kukoka chabe, ngati msoko wa thumba ukayamba kumasuka. Ndapaka mankhwala otentha a mumsika.

Lamulungu, 19 Meyi

Kutchalitchi buku la nyimbo landilemera, ndalisinthira kumanzere. Jemima waona. Pobwerera akuti, "Ŵadada, woko ili lili makora yayi." Mkono suli bwino, iye ndi dokotala? Ndamukalipira pamsewu, anthu akuona. Akufuna a Ezron andilumphenso?

Mantha ndili nawo, ndisaname.

Lachisanu, 24 Meyi

A Haswell atsekera zitini m'chigayo. Akuti ndipumitse mkono, ndizichita za miyendo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndikudziwa. Koma mnansiyo ali ndi chigayo, ine ndili ndi mikono basi.

Ine ndi Bwezani tathira simenti m'chitini china, chachikulu, cha mafuta ophikira. Chiuma Lolemba.

Loweruka, 1 Juni

Zachitika.

Ndinali ndatopa kale, Bwezani akuti kamodzi kotsiriza. Potsitsa chitini chija, phwa! M'chigongono. Aliyense anamva. Chitini pansi.

Ululu sunakhalitse, ndipo chimenecho n'chomwe chikundiopsa. Mnofu wathawa pamalo pake, wakwera, wadziunjika cha kuphewa, chibulumwa ngati papaya. Pamwamba pa chigongono patsala dzenje. Anyamata kukuwa, kundimenya pamsana. Bwezani akuti, "Mudala, uyu ndiye mukono manje!"

A Haswell anatuluka ali mbuu ndi ufa. Sanaseke. Anaika chala m'dzenjemo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Kuchipatala lelo, mwana wanga. Osati mailo."

Sindinapite. Akandimanga bandeji, Lolemba posankha pa depoti ndikavula bwanji shati?

Lamulungu, 2 Juni

Kumunsi kwa chigongono kwada bii, mpaka cha kudzanja. Ndavala malaya a manja aatali, ndati n'chifukwa cha chisanu. Kutchalitchi sindinapite.

Lolemba, 3 Juni

Mzere wautali pa depoti, kuzizira, tonse pamtunda mbulanda. Mbali yakudayo ndinaibisa kunthiti. A Ezron anadutsa anthu ambiri osaima. Pa ine anaima. Anatsina chibulumwa chija, ine kuluma mano, maso kuda.

"Uyu ndiye mwamuna. Uyu azaimilila pansi pa lole, azilandila." Woyamba kusankhidwa, ine. Bwezani amusiya.

Pakhomo kiyi wandikanika. Dzanja likukana kutembenuka. Ndinaima pamenepo mpaka Jemima atabwera kuchokera kumjigo. Watsegula yekha. Ndamuuza kuti ntchito yapezeka. Wakhala pansi, wagwira mimba, walira. Sindikudziwa kuti akulirira chiti.

Malole ochokera kwa Mwase afika mawa m'mawa. Thumba amaligwetsa kuchokera pamwamba penipeni, wapansi amatambasula manja n'kulandira. Ndayesa ndi mtsamiro pompano. Jemima waponya, ine mkono wamanja osagwira, mtsamiro pansi.