Nsanja ya Belu ya ku Castelvaro

Lolemba, 13 Okutobala

Wailesi yati kwachita chivomezi m'chigawo chapakati cha Italy. Yatchula matauni anayi. Castelvaro, komwe mwana wathu Tisungane akuphunzira usisitere, palibe. Ndayeza ndi rula pamapu: makilomita 30 kuchokera pomwe chayambira. Foni yake sikupezeka. Ndauza mayi ake kuti pa ngozi zotere netiweki ndiyo imayamba kufa.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndatsegula kabuku ka mbiri ya tauniyo komwe Tisungane anatitumizira chaka chatha. Ndinkanyadira kuwerengera anzanga pa Nsipe: anthu 1,900 okha, mpanda wamiyala wozungulira tauni yonse, timisewu toti ngolo singadutse, nsanja ya belu ya zaka 600. Lero ndawerenga tsamba lomwe ndinkalidumpha. Nsanjayo inagwapo kawiri. Kachiwiriko inagwera nyumba ya masisitere. Anamanganso pomwepo, ndi miyala yomweyo.

Mayi ake sindinawauze.

Lachitatu, 15 Okutobala

Akwaya amva. Pofika 10 koloko azimayi adzaza m'nyumba, akhala pansi, akuyimba chapansipansi. Azibambo panja. Alamu anga a Paison abwera ndi nthambi zoti ayale pamsewu ngati pamaliro.

"Alamu, masambawo ndi a ndani?"

"Aphunzitsi, masiku atatu foni ili zii. Mabuku anuwo sayimba foni."

"Pamsewu panga sipagona tsamba uthenga usanafike."

Akazisiya kuseri kwa khola. Sanazitaye, ndaona.

Ku parishi akuti sanamve kanthu. Wailesi: omwalira 41, mayina ayi.

Lachinayi, 16 Okutobala

Palibe. Omwalira 58.

Lachisanu, 17 Okutobala

Jessie wogulitsa mafoni pamsika wabwera chothamanga ndi chithunzi cha pa intaneti. Bwalo la pakati pa Castelvaro, matenti, anthu ali pamzere potunga madzi pa kasupe wamwala. Kumbuyo kwawo nsanja yaduka pakati, kusonyeza kuti chinajambulidwa chivomezi chitachitika kale. Onse anyamula zigubu m'manja. Mmodzi yekha, wofulatira, wasenza ndowa pamutu osaigwira, nsalu yakumutu waipinda nkhata.

Ndati nkhope sikuoneka, umboni sunakwane. Kumeneko kulinso masisitere a ku Uganda, nawonso amasenza.

Mayi a Tisungane alanda foniyo. "Bambo a Tisu, taonani dzanja lamanzere lili m'chiuno ilo! Ndakhala ndikumukalipira zimenezi kumjigo kuyambira ali ndi zaka seveni, kuyenda ngati mwini mudzi."

Ndavala magalasi, ndayang'ananso. Dzanja lilidi m'chiuno, chigongono panja.

Kwaya yasiya nyimbo pakati. Jessie akufuna foni yake, mayi a Tisungane akukana nayo. Ine ndapita kuseri kwa khola kukataya nthambi zija.